Khala ndi Phulusa

Padangokhala mphaka wina wamkazi amene anaswera m'khitchini mwa agogo Nachisale, kumapeto kwa Chilomoni, kumene nyumba zimayamba kutalikirana ndipo minda imakwera kulowera kuphiri la Michiru. Anaswa ana awiri okha, onse aakazi. Wina anali wakuda bii, agogo anamutcha Khala. Winayo anali wotuwa, anamutcha Phulusa. Atasiya kuyamwa, Phulusa anaperekedwa kwa aPhiri, eni okala ya pafupi ndi mjigo, chifukwa makoswe anali atawasowetsa mtendere. Sopo ankamuluma m'makona, mapaketi a shuga ankabooka usiku umodzi, ngakhale ndalama zamapepala za m'kabati anali ataziyamba.

Agogo ankakhala ndi mdzukulu wawo Tadala, mtsikana wa Sitandade 6. Khala ankamuwerengera pa anthu a m'nyumba, moti pogawa ndiwo mitu ya usipa inali yake. Koma za chingwe m'khosi sankafuna kumva.

"Mphaka si mbuzi," ankatero. "Amapita kumene afuna, n'kubwera kumene amadya. Omudziwa amudziwa."

APhiri anali munthu wa mtima wina. Njinga yawo, wilibala, ngakhale chidebe chotungira madzi, zonse zinali ndi dzina lawo lolembedwa ndi penti yofiira. Phulusa atangokula pang'ono, anadula mphira kuchokera ku chubu chakale cha njinga, analemba nambala ya foni yawo pa kapulasitiki ka chigubu, n'kumumanga m'khosi ndi mfundo ziwiri zosamasuka.

"Chako chizioneka kuti n'chako, agogo," ankatero akakumana pa mjigo. "Mudzandiuza tsiku lina."

Chaka chinapita. Inafika nyengo yokolola, chimanga chinalowa m'matumba m'nyumba zonse, makoswe nawo anachuluka. Mphaka sadziwa malire a malo a anthu, amatsata fungo la khoswe. Usiku wina Khala anawoloka khwawa n'kulowa m'nyumba ya tsidya lina, kumene sanafikeko n'kale lonse. M'nyumbamo munali mwana wodwala. Thupi linali litatentha masiku atatu, ndipo makolo ake anali asanagone tulo tabwino. Pakati pa usiku bambo wa mwanayo anayatsa tochi, n'kuona mphaka wakuda atakhala pa mtanda wa denga, maso akuwala, atayang'ana pansi pamene panagona mwana. Khoswe amene Khala ankamudikira anali atabisala kuseri kwa matumba, pafupi ndi mphasa ya mwanayo, koma bamboyo sanamuone.

Anakuwa. Anthu oyandikana nawo anadzuka n'kubwera ndi matochi ndi mipini.

"Ndi wa yani mphaka ameneyu?"

Palibe anayankha. Anafunsanso kachiwiri, kuli zii. Pamenepo wina anati mphaka wopanda mwini, wakuda, wolowa m'nyumba ya wodwala usiku, ndi wochita kutumidwa. Wina anati kapena ali ndi chiwewe. Khala anayesa kuthawira pa zenera, mpini unamupeza pamutu. Akadafera pomwepo pakadapanda mayi wina wachikulire amene anati magazi ake asagwere pakhomopo. Anamuponya m'thumba, n'kupatsa mnyamata wakabaza ndalama kuti akamutaye kutali, kupitirira Chirimba.

Kutacha mwana uja anapita naye kuchipatala, anamuyeza magazi, anapezeka ndi malungo. Anamupatsa LA ndipo anachira. Zimenezi zimandiwawa ndikamazifotokoza, chifukwa anthu amenewa sanali oipa. Anali ndi mantha, ndipo funso lawo loyamba linali labwino. Chimene chinasowa ndi chinthu choti chiwayankhe.

Tadala anafunafuna. Akaweruka kusukulu ankayenda m'tinjira ta m'minda ndi kambale ka usipa m'manja, akugogoda ndi supuni, akuimba:

Khala wanga, Khala,
usipa ukuuma m'mbale.
Khala wanga, Khala,
agogo sakugona.

Ena ankamumvera chisoni, ena ankangomuyang'ana. Yankho linali limodzimodzi khomo lililonse: "Amphaka akuda ndi ambiri, mwanawe. Wakoyo tingamudziwe bwanji?" Anafika ndithu mpaka tsidya lija, koma kumeneko anthu anangoweramitsa mitu n'kunena kuti sanaone kanthu.

APhiri atamva, anagwedeza mutu. "Ndinanena ine." Ndipo mantha atawagwira, anaganiza zolimbitsa chizindikiro cha Phulusa. Anatenga chivindikiro cha chitini, anakhomapo nambala yawo ndi msomali, kadontho ndi kadontho, n'kuchikoloweka pa mphira uja ndi waya. Chitsulocho chinali cholemera, chinkamumenya pachifuwa akamayenda, chinkalowa m'mbale akamamwa madzi. Phulusa anayamba kuchipalasa ndi phazi lakutsogolo kuti achichotse. Mphira ndi wotamuka. Tsiku lina phazi linalowa, mwendo wonse unatsatira, mphira uja n'kubwerera mwakale. Tsopano unadutsa pakhosi mbali imodzi, mbali inayo m'khwapa.

Mphaka akavulala salira pabwalo, amabisala. Phulusa analowa kuseri kwa makuleti a mabotolo, m'kachipinda kosungiramo katundu, n'kukhala phee. APhiri anamuitana masiku asanu, akuganiza kuti nayenso wabedwa, akudzitonthoza kuti aliyense womupeza aona nambala n'kuimba. Foni sinalire. Tsiku lachisanu ndi chimodzi fungo ndi limene linawalondolera.

Anasuntha makuleti. Phulusa anali chigonere, mwendo umodzi uli m'mwamba. Mphira unali utalowa m'mnofu wa m'khwapa moti sunkaonekanso, ubweya wozungulira utamatana ndi mafinya, ntchentche zikuzungulira. APhiri anagwada, anatenga lezala yatsopano pa shelefu, manja akunjenjemera. Mfundo zawo ziwiri zija zinali zolimba monga tsiku limene anazimanga. Anadula pambali, n'kukoka pang'onopang'ono, mphira ukutuluka m'chilonda. Phulusa sanawalume. Anangotembenuza mutu n'kunyambita chala chawo, ndipo bambo wamkuluyo analira misozi m'kachipinda momwemo.

Nkhani itafika kwa agogo, nawo anati, "Ndinanena ine." Pa mjigo panakhala phokoso. Agogo ankaloza chilonda cha Phulusa, aPhiri ankaloza kusowa kwa Khala, aliyense akuona tsoka la mnzake n'kuiwala lake. Anasiya kupatsana moni. Tadala akatumidwa mchere ankapita ku okala ina yakutali.

Patapita masabata atatu, m'bandakucha, agogo anamva kukanda pa chitseko cha khitchini. Anali Khala. Nthiti zinkawerengeka, zikhatho zitang'ambika ndi ulendo, diso lakumanzere litayera mbuu. Linali litafa.

Usiku wa tsiku lotsatira, mwezi ukuwala, Phulusa anatsimphina kuchokera ku okala mpaka pa mulu wa nkhuni wa agogo, pamene mbale wake anagona.

"Achemwali, anakuchitani chiyani?"

"Anafunsa kuti ndine wa yani," anatero Khala. "Anafunsa kawiri. Ndinalira dzina la agogo ndi mphamvu zanga zonse, koma anthu samva chilankhulo chathu. Nanga inu, mwendowo?"

"Ine dzina ndinali nalo m'khosi. Ndinkayenda monyada, ana pa mjigo akuti uyo wa aPhiri. Koma tsiku limene ndinafuna kuti lindisiye, linakana. Masiku asanu ndinkawamva akundiitana, ali pafupi pomwepa, mawu anga osatuluka."

"Amakukondani aPhiri."

"Amandikonda. Agogo nawo amakukondani."

Anakhala chete nthawi yaitali, wina akunyambita diso la mnzake, winayo akunyambita chilonda. Zala zomangira kapena kumasulira mfundo analibe, choncho nkhaniyo inatsala m'manja mwa anthu.

Agogo anali ndi mwana wawo wamwamuna amene ankagwira ntchito ku Manchester. Tadala atamutumizira chithunzi cha Khala pa WhatsApp, anaimba foni usiku womwewo. Anati ku England, kuyambira pa 10 June 2024, lamulo likuti mphaka aliyense woweta aikidwe kachipangizo kotchedwa microchip asanakwanitse masabata 20, ndipo wonyozera akhoza kulipitsidwa mpaka mapaundi 500. "Amayi, mufunse madokotala a ziweto kumeneko. Zingwezo n'zachikale." Agogo anamvetsera, anasunga mawuwo mumtima.

Loweruka lina kunali katemera wa chiwewe pa bwalo la sukulu ya pulayimale. Ntchitoyi anthu a mu Blantyre anaizolowera kuyambira 2015, pamene a Mission Rabies, mothandizana ndi boma, anatemera agalu oposa 35,000 mumzindawu chaka chimodzi chokha. Mzere unali wautali, ana atagwira agalu pa zingwe, fumbi lili kobo. Tadala anabwera ndi Khala m'dengu lovindikira ndi chitenje, agogo akutsatira ndi ndodo yawo. APhiri anabwera ndi Phulusa m'katoni ya sopo. Anapezeka ataima motsatizana, osayang'anana.

Dokotala wa ziweto anali mayi wachitsikana. Anabaya Khala katemera, anayang'ana diso, anati limenelo silibwereranso koma mphaka amakhala bwinobwino ndi diso limodzi. Atatsegula katoni n'kukweza mwendo wa Phulusa, nkhope yake inagwa.

"Bambo, munamumanga ndi mphira?"

"Eya, adokotala. Mwadziwa bwanji?"

"Chilonda ichi timachidziwa. Lamba wotamuka ndiye amachita zimenezi, mwendo umalowa koma sutuluka. Nthawi zina amakola chibwano cham'munsi, mphaka n'kulephera kutseka pakamwa. Ndipo m'khwapa mumavuta kupola, chifukwa khungu lake limasuntha nthawi iliyonse akaponda. Mubwere naye kuchipatala cha ziweto, mwina pafunika kusoka. Asavale kanthu m'khosi mpaka atapoleratu."

Agogo anatsokomola. "Ndi zimene ndakhala ndikunena, adokotala. Mphaka samangidwa."

"Nanga wanuyu diso linatani, agogo?"

Tadala ndi amene anafotokoza zonse, kuyambira tsiku limene Khala anasowa. Agogo anawonjezera za mwana wawo wa ku Manchester ndi kachipangizo kaja. Dokotala anavomera kuti n'kabwino. Anati n'kakang'ono ngati kambewu ka mpunga, amakabaya pansi pa khungu pakati pa mapewa, ndipo sikagwa, sikakola pa nthambi. Muli nambala imene imalozera kwa mwini.

"Koma nambala imeneyo imawerengedwa ndi makina, agogo. Anthu amene anagwira mphaka wanu usiku uja anali ndi tochi ndi mpini. Kuno kwathu chimene chingamupulumutse pa nthawi ngati imeneyo ndi chooneka ndi maso."

Anapisa m'thumba la yunifolomu n'kutulutsa kalamba kansalu kokhala ndi chomangira cha pulasitiki. Anakamanga, analowetsa zala, n'kukoka. Kanangoti phwa, kutseguka.

"Ameneyo ndi wowonongeka," anatero aPhiri.

"Anamupanga choncho dala, bambo. Mphaka amakwera mitengo, amadutsa m'mipanda, amalowa m'mipata yoti inu simungaganize. Lamba akakola pa nthambi mphaka ali m'mwamba, chimodzi chiyenera kugonja, lamba kapena khosi."

Anawaphunzitsa zina mwachangu chifukwa mzere unkadikira. Pomanga, zala ziwiri zizilowa pakati pa lamba ndi khosi, osapitirira apo, chifukwa wokhwepa kwambiri ndi amene amalowetsa mwendo. Aziyesa kawirikawiri, poti mphaka amanenepa n'kuwonda. Kamwana kadikire mpaka miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa kopepuka sikangatsegule chomangira. Ndipo lamba wa agalu wophera nthata asayerekeze kumuveka mphaka, pakuti ena amakhala ndi mankhwala otchedwa permethrin amene galu amapirira koma mphaka amanjenjemera nawo, kukomoka, mwina kufa kumene. APhiri anafunsa za kabelu. Dokotala anati kamathandiza kuchenjeza mbalame ndi anapiye. Agogo anakana pomwepo, anati makoswe nawo ali ndi makutu, ndipo dokotala sanalimbane nawo.

Pobwerera anayenda njira imodzi. Anayamba kulankhula ndi aPhiri.

"Malamba amenewa kuno sitingawapeze, agogo. Mwina m'masitolo a m'tauni, pa mtengo wake."

"Kuli mayi Nambewe atelala," anatero agogo.

Mayi Nambewe ankasokera pakhonde la nyumba yawo. Anamvetsera, anaganiza, n'kutsegula chitini chawo cha mabatani. Anadula kansalu kachikasu kotsala pa chitenje, anakapinda katatu n'kukasoka kuti kasatamuke ngakhale pang'ono. Kumapeto anaikako kabatani kodina, ka mtundu umene amaika pa malaya a makanda. Tadala analemba nambala ya agogo ndi bolopeni pansalupo, mayiwo n'kudutsamo ndi ulusi wakuda kuti isafufutike ndi mvula. Cholendewera panalibe.

Kenako anayesa. APhiri anathamangira ku okala n'kubwera ndi mapaketi atatu a shuga, iliyonse ya kilo imodzi. Anakoloweka lamba pa msomali wa pakhonde, n'kumangirira jumbo pansi pake. Paketi imodzi, lamba anagwira. Mapaketi awiri, anagwirabe. Atatu, anagwirabe.

"Wabwino ameneyo, wolimba," anatero aPhiri.

"Ayi," anatero mayi Nambewe. "Mphaka uyu panopa sakwana makilo atatu. Batani ili lingamupachike."

Anasula, anaika laling'ono. Paketi imodzi linagwira. Atawonjeza yachiwiri, jumbo inagwa pansi. Khala anavekedwa madzulo omwewo. Anapalasa pang'ono, anagubuduka m'fumbi, kenako anaiwala. Chikasu chija chinkaoneka patali pa ubweya wakuda, ngakhale ndi tochi yofooka.

Lamba woyamba anatha sabata imodzi, Khala anabwera m'mawa khosi lili mbee. Wachiwiri anatha masabata awiri. Tadala anayamba kunyansidwa, poti ndalama ya atelala inkachokera pa mandasi amene iye ankagulitsa Loweruka. APhiri nawo anabwerera pa maganizo awo akale. "Ndalama zikuthera m'tchire. Chizindikiro chogwa chokha n'cha ntchito yanji?" Lamba wachitatu atatayika, mtsikanayo anabwereka singano ndi ulusi wa nsapato. Anaganiza kuti wachinayi akangosokedwa, adutsamo ulusiwo pa batani kuti lisatsegukenso, agogo asadziwe.

M'mawa mwake anamutuma kukathyola nkhwani kudimba. Njira inkadutsa m'mbali mwa khwawa, pamene munthu wina anatchinga malo ake ndi waya waminga. Madzi a dzinja anali atagumula dothi, moti mpandawo unatsala pamphepete penipeni, pansi pake phompho lotalika kuposa munthu wamkulu. Pa waya wapakati panalendewera kanthu kachikasu. Tadala anayandikira. Munga wa waya unali utaboola nsalu pakati pa manambala, ndipo pamungapo panatsala tiubweya takuda. Batani linali lotseguka. Anasuzumira pansi, n'kuona pamchenga mapazi anayi pamene mphaka anagwera, ndi mzere wa mapazi wopita kumtunda.

Anaima pamenepo nthawi yaitali. Khala anali atamusiya kunyumba akumwa phala lotsala.

Anawonjola lamba uja mosamala, n'kupita naye ku okala asanathyole nkhwani. Sananene zambiri. Anangouza aPhiri malo amene anamupeza, n'kuwaonetsa chibowo ndi ubweya. APhiri anamutembenuza m'manja, anadina batani, anakoka, anadinanso. Anayang'ana Phulusa amene anagona pa thumba la ufa, m'khwapa muli chipsera chofiira chopanda ubweya. Kenako anatsegula kabati n'kuwerenga ndalama.

"Ukawauze mayi Nambewe asoke anayi. Awiri a Khala, awiri a uyu akapola. Batani likhale laling'ono lomwelo."

Singano ija Tadala anaibweza kwa mwini wake tsiku lomwelo.

Mvula yoyamba itagwa, usiku wina foni ya agogo inalira. Anali mawu a bambo wachilendo. Anati wapeza mphaka m'nyumba mwake, pa matumba a chimanga, khoswe ali kukamwa, ndipo m'khosi muli nambala imeneyi. Anati sanamukhudze, wangomutsekera m'chipinda kuti agalu asamuvute. Atafotokoza malo, Tadala anazindikira kuti ndi tsidya lija.

Anapita kutacha, agogo ndi ndodo yawo, Tadala ndi dengu. Bamboyo anawalandira pakhonde, anawayalira mphasa. Mkazi wake anatulutsa Khala atamunyamula m'manja. Kamnyamata kena kankasewera pabwalo ndi galimoto yawaya. Bamboyo ankangoyang'ana diso loyera lija, akulephera kuyamba. Potsiriza anavula chipewa.

"Agogo, diso ili ndi ine. Unali usiku, mwana akudwala, sitinadziwe kuti ndi wa yani. Mtsikanayu anabwera kudzafunsa, ife tinabisa. Mundiuze choti ndilipe."

Agogo anakhala chete, akusisita msana wa Khala. Tadala ankayembekezera kuti akalipa, pakuti iye mtima unali utamutentha kale.

"Mwanayo ndi uyu?" anafunsa agogo.

"Ndi yemweyo. Anali malungo."

"Wachira bwino. Zolipa zisiyeni, bambo. Munafunsa mwini wake, ine ndi amene ndinamutumiza kunja wopanda choyankhira. Koma mukadzaonanso mphaka wachilendo, ngakhale wopanda kanthu m'khosi, mudzamutsegulire chitseko atuluke. Mpini ndi wa khasu."

Mayi wa m'nyumbamo anabweretsa tiyi. Akumwa, bamboyo anadandaula za makoswe, kuti matumba awiri awonongeka kale chaka chino, ndipo anaona kuti mimba ya Khala yayamba kukula. Anafunsa mwamanyazi ngati angadzapatsidwe kamwana kamodzi.

"Mudzatenga," anatero agogo. "Kakadzasiya kuyamwa mudzabwere. Kakadzakwana miyezi isanu ndi umodzi mudzapite kwa mayi Nambewe, munyamule mapaketi awiri a shuga."